Shuga Wabodza M'chitini cha Apongozi

Anthu a mumsewu umenewo akafuna keke ya ukwati kapena ya tsiku lobadwa, ankangouzana kuti pitani pa geti lobiriwira mukafunse make Gologolo. Gologoloyo anali mwana wake wamkazi wa zaka zinayi, amene anapatsidwa dzinali chifukwa chokwera chilichonse chokwereka: mipando, mashelefu, ngakhale msana wa agogo ake. Mayiyo anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, wochepa thupi, wa maso osakhazikika. Sekondale anaisiyira panjira atatenga pathupi, n'kulowa m'nyumba ya apongozi ake, ndipo m'menemo ndi mmene anaphunzirira ntchito ya makeke.

Uvuni unali wa apongozi. Makasitomala nawonso anali a apongozi, amene anaphika makeke zaka makumi atatu mpaka zala zinayamba kukana kupinda, maso n'kuchita nkhungu. Tsopano ankangokhala pa mpando wa pakhomo la khitchini n'kumalamula kuti mazira akhale anayi, batala musamuumire, motowo wachuluka. Mwamuna wa make Gologolo ankayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali. Akabwera ankagona masiku awiri, kuchapitsa zovala, n'kunyamukanso.

M'nyumba yophika makeke shuga sakhala m'paketi mokha. Shuga wa ayisingi, uja wosalala ngati paudala, ukamamusefa amauluka n'kutera paliponse: pa tebulo, pa zenera, m'tsitsi, pa nsidze. Tsiku la oda yaikulu khitchini yonse inkachita mbuu, ndipo Gologolo ankayenda akulemba mizere pa tebulo ndi chala n'kumanyambita. Panalinso chitini chabuluu cha apongozi, chimene chinkakhala pa shelefu ya m'munsi kuyambira mwamuna wake ali mwana. M'menemo ankasungamo ayisingi wotsala, ndipo masana aliwonse agogo ankatsegula chitinicho, mdzukulu n'kuviikamo chala. Chinali chinsinsi chawo awiri, ngakhale kuti nyumba yonse inkachidziwa.

Matenda anabwera mwakachetechete. Mwana anayamba kumwa madzi ngati wachokera kuchipululu, kukodzera pogona pamene anali atasiya kalekale, nthiti n'kuyamba kuwerengeka. Amene anazindikira ndi mayi wake, tsiku limene anaona nyerere zitaunjikana pamene mwanayo anakodza kuseri kwa bafa. Kuchipatala anapeza kuti ndi matenda a shuga, ndipo anagonako masiku asanu ndi anayi. Powatulutsa, namwino wina wamtali wolankhula mosathamanga anakhazika mayi ndi agogo pa benchi limodzi n'kuwaphunzitsa kubaya insulini, kuboola kachala, ndi kuwerenga nambala pa kamakina koyezera. Anawauza kuti shuga akamakwera nthawi yaitali amawononga maso ndi impso. Anawauzanso kuti akatsika kwambiri, mwana akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyang'ana mwaulesi, amupatse msangamsanga masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi.

Awiriwa anamva phunziro limodzi koma aliyense anatolapo chake. Mayi anatola za maso ndi impso. Apongozi anatola za masupuni atatu, ndipo asanatuluke n'komwe pa geti la chipatala anali atanena kale kuti mwamva nokha, ngakhale anamwino akuti shuga ndi mankhwala.

Choncho chitini chabuluu chinapitiriza kutsegulidwa. Make Gologolo ankamva kulira kwa chivindikiro ali ku bafa. Akayeza mwana madzulo, nambala inkakhala itadumpha. Anayesa kulankhula atagwada, mawu atawasankha bwino. Apongozi anayankha kuti kachala kamodzi sikanaphepo munthu, kuti analera ana asanu pa chitini chomwecho ndipo onse ali ndi maso awo, ndipo kuti mwana womanidwa chilichonse amakula ndi mtima wakuba. Anaimbira foni mayi ake omubala, iwo n'kungomuuza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anauza mwamuna wake, mwamunayo n'kukanda m'mutu. Kudzudzula amayi ake m'nyumba mwawo sakanatha. Chimene anatha n'chakuti ulendo wotsatira anabwera ndi mapaketi anayi a zinthu zoyera ngati shuga, zimene anazipeza m'sitolo ina kutali uko, zolembedwa dzina lalitali lopinda lilime. Wogulitsa anamuuza kuti zimatsekemera koma sizikweza shuga m'magazi. Anazipereka kwa mkazi wake kuchipinda, n'kumuuza kuti aone yekha chochita nazo.

Mayiyo anakaonetsa paketi imodzi kwa namwino uja. Namwino anawerenga kumbuyo, n'kuvomera kuti pang'onopang'ono palibe vuto, koma zikachuluka zimatsegula m'mimba. Anamukumbutsanso kuti ufa wa keke nawo umakweza shuga, asaganize kuti wapeza chiphaso chodyera keke tsiku lililonse. Zoti akufuna kuchita nazo chiyani kunyumba, make Gologolo sananene, ndipo namwino sanafunse.

Lachinayi lililonse masana apongozi ankapita kumapemphero a amayi. Maola awiri amenewo ndi amene anali ake. Lachinayi loyamba anangosakaniza timibulu ta m'mapaketi aja ndi batala, koma zinatuluka zamchenga, zolira m'mano. Lachinayi lachiwiri anatsitsa bulenda ya apongozi yoperera zinthu pamwamba pa kabati, kuipukuta mpaka kuuma gwa, kuthiramo kapu imodzi n'kuyatsa. Atangozimitsa anatsegula chivindikiro, fumbi loyera n'kumubudukira kumaso. Anatsokomola mpaka misozi, kukhosi kukutsekemera komanso kukuzizira ngati wameza mankhwala otsukira mano. Anaphunzira kudikira kuti fumbi likhale kaye pansi. Anaphunzira kupera mphindi imodzi n'kupumitsa makina asanatenthe, chifukwa akatentha ufawo unkamata m'mbali. Atausunga masiku atatu unagwirana mibulu ngati sopo wonyowa, ndiye Lachinayi lachitatu anathiramo kasupuni kamodzi ka konifulawa pa kapu iliyonse, ndipo unakhala womasuka. Ankausefa katatu, kuufikisa pakati pa zala, kuuyika pa lilime atatsinzina. Lachinayi lachinayi anathira wake pa mbale ina, weniweni pa mbale ina, ndipo iye mwini anasokonezeka kuti uti ndi uti.

Tsiku lomwelo anakhuthula chitini chabuluu, kuchitsuka, kuchiyanika pa dzuwa, n'kudzazamo ufa wake. Atayang'ana botolo la shuga wa tiyi pa tebulo, anakumbukira kuti Gologolo amafikanso pamenepo akakwera mpando. Analikhuthulanso n'kuthiramo timibulu tosapera. Shuga yense weniweni wa m'nyumbamo, wa makeke a makasitomala ndi wa tiyi yemwe, anamulonga m'sutikesi yake ya pansi pa bedi, n'kukhoma ndi loko. Kiyi anamumanga pa chingwe n'kuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi. Ntchito ya tsiku ikafuna shuga, ankayeza wokwanira apongozi ali m'bafa.

Apongozi anamwa tiyi wa mawa lake n'kukwinya nkhope. Anati shuga wa masiku ano wayamba kuzizira m'kamwa, eni mafakitale akuthiramo laimu, ndipo dziko likutha ndithu. Anawonjezera supuni yachinayi n'kupitiriza kumwa. Mpongozi wawo anaweramira mu sinki kuti nkhope isaoneke.

Masabata asanu ndi limodzi anadutsa mwamtendere. Chivindikiro chikalira masana, mayi ankasuzumira pa mng'alu wa chitseko n'kuona agogo ndi mdzukulu akunong'onezana, chala chili mbee. Madzulo nambala inkakhala pamalo pake. Kunena kuti anali wosangalala kungakhale kuwonjeza, chifukwa mtendere umenewu unkafuna mlonda, ndipo mlondayo anali iye yekha. Sakanatha kuchoka, kuopa kuti apongozi angafune shuga wa keke. Sakanatha kulola mlamu wake kugona m'nyumbamo, poopa kuti lilime lachinyamata lizindikira. Azakhali ake atamwalira sanapite kumaliro. Tsitsi linakhala miyezi itatu osaona saluni. Dziko lake linatsala khitchini, furiji mmene munkakhala insulini, ndi geti lobiriwira limene ankaperekerapo makeke. Atelala a nyumba yoyandikana nayo, bambo wachikulire wokonda nthabwala, ankamufunsa pa mpanda kuti kodi chilango chake chitha chaka chanji kuti adzamusokere diresi lotulukira.

Tsiku lokatenga insulini wa mwezi linafika mvula ikuwaza, mwana ali ndi chimfine. Nthawi zonse ankapita naye, koma apongozi anati kutulutsa mwana wachifuwa pa mvula ndi misala, amusiye, iwo si mlendo pa ana. Make Gologolo anaganiza za chitini, anaganiza za botolo, n'kuona kuti m'nyumbamo mulibe chimene chingamupweteke mwanayo. Anamubaya jakisoni wa m'mawa, n'kumupatsa buledi ndi dzira. Gologolo analuma kawiri n'kukankha mbale. Mayi anapempha apongozi kuti aonetsetse kuti wamaliza, iwo n'kumuuza kuti apite asanaphonye mzere.

Mzere unali wautali. Pobwerera, minibasi inaima pa mphambano ya pafupi ndi msika pamene lole ina inafera pakati pa msewu. Anali atakhala pampando wakumbuyo, pakati pa mayi wina wonyamula dengu la tomato ndi bambo wovala jekete lonyowa, pamene foni inalira. Anali apongozi, koma mawu sanali awo a masiku onse.

"Amake Gologolo, mwanayu sakundisangalatsa. Buledi uja anakana, ndiye wayamba thukuta, manja akunjenjemera. Ndamupatsa masupuni atatu monga ananenera anamwino. Ndadikira, palibe. Ndamupatsanso atatu. Akungondiyang'ana."

"Mwamuyeza?"

"Ndaboola, koma manambalawa maso angawa sakuwaona. Nanga shugayu bwanji sakugwira?"

Make Gologolo anafunsa kuti shugayo amutenga pati, ngakhale yankho ankalidziwa.

"M'chitini changa. Ndimati wosalala asungunuka msanga."

"Amayi, m'chitinimo si shuga."

"Mukuti chiyani?"

"Ndinasintha. Si shuga ameneyo, sangamuthandize."

"Ndiye nditenge wa tiyi."

"Nayenso, Amayi."

Minibasi yonse inali ikumvetsera. Kondakitala anasiya kuitanira anthu. Apongozi anafunsa kuti weniweni ali kuti, iye n'kuyankha kuti ali m'sutikesi pansi pa bedi. Anafunsa za kiyi. Dzanja la make Gologolo linali kale pachifuwa, likugwira kachitsulo kaja pansi pa bulauzi. Mayi wa tomato ndi amene anamugwedeza phewa n'kumuuza kuti awauze athamangire kwa aneba. Make Gologolo anakuwa m'foni kuti pitani kwa atelala, musamusiye, munyamuleni.

Apongozi sanadule foni. Anangoiponya pa tebulo, moti mayiyo anamva zonse ali womangika pakati pa anthu: mpando ukugwa, kupuma kwa munthu wokalamba amene akunyamula chinthu cholemera, kamawu ka mwana kofooka ngati ka mphaka, chitseko chikumenya khoma. Kenako zii. Kunatsala mpopi wa mu sinki, umene unkadontha kuyambira chaka chatha, ukungoti tho, tho, m'khutu mwake. Anadumpha miyendo ya anthu, kutuluka, n'kukwera njinga yamoto yoyamba imene anaiona, foni ikadali kukhutu. Njira yonse ankamvetsera mpopi.

Anakapeza Gologolo atakhala pa benchi la atelala pakati pa zidutswa za nsalu, atafundikidwa jekete losamaliza kusoka, akudya buledi wopaka jamu. Milomo inali itabwerera mtundu wake. Atelala anali atasungunula shuga wa tiyi wawo m'madzi ofunda n'kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, ndipo tsiku limenelo analibe nthabwala. Apongozi anakhala pansi pa simenti, opanda nsapato, mpango utagwa, bondo likutuluka magazi. Mwanayo ataona mayi ake anawauza ndi m'kamwa modzaza kuti agogo anagwa pa geti koma sanamugwetse.

Mayiyo anamuyeza pomwepo, kenako anabwerera naye kuchipatala. Namwino wamtali uja anamvetsera nkhani yonse osamudula. Sanakalipe. Anangoti m'nyumba ya mwana wobaya insulini shuga weniweni azikhala poti aliyense angathe kumufikira, ngakhale mlendo, ngakhale wakhungu, ndipo chilichonse chofanana ndi shuga chilembedwe zilembo zikuluzikulu. Masana onsewo Gologolo anatsegula m'mimba chifukwa cha masupuni asanu ndi limodzi aja.

Make Gologolo ankayembekezera mkuntho. Anali atakonzeka kutukwanidwa, ngakhale kulongedzeredwa katundu. Koma atalowa m'khitchini anapeza apongozi ali pa mpando wawo, bondo litamangidwa, chitini chabuluu chili pamiyendo. Mayiyo anagwada pafupi ndi uvuni.

"Masupuni asanu ndi limodzi," anatero apongozi. "Ndi manja angawa. Ndimati ndikumupulumutsa."

"Ndinalakwa, Amayi."

"Mukanandiuza."

"Ndinkaopa."

"Munaopa ine kuposa maliro?"

Apongozi anatembenuza chitinicho m'manja, n'kunena kuti mwezi ndi theka akhala akumwa tiyi wa chidole m'nyumba mwawo momwe, akunamizira eni mafakitale osalakwa. Anati zoviika chala zatha, pamenepo mpongozi wapambana. Koma kuyambira tsiku limenelo asadzawasiyirenso mwana, ngakhale kwa mphindi zisanu, ngakhale popita kukataya zinyalala. Munthu amene sadziwa chimene chili m'chitini chake chomwe, anatero, sangasunge moyo wa mwana wa eni.

Mwamuna wake atamva nkhaniyi pa foni anapuma mozama, n'kunena kuti chachikulu mwana ali moyo, zinazo azikambirana akabwera. Atabwera anagona masiku awiri, kuchapitsa zovala, n'kunyamuka.

Loko anachoka pa sutikesi. Shuga weniweni anabwerera pa tebulo, ndipo pa chitini chabuluu make Gologolo anamatapo pepala lolembedwa ndi inki yofiira kuti WABODZA. Apongozi anasunga mawu awo. Mayi akalowa m'bafa, ankapeza mwana atamuimika pakhomo la bafalo kuti azilankhula naye. Kasitomala akagogoda pa geti, ankapita naye atamugwira dzanja. Chilichonse choyera chimene mpongozi wawapatsira, apongozi ankayamba alawa kunsonga ya lilime n'kufunsa ngati chili chenicheni, ngakhale mchere. Atelala anasiya kufunsa za diresi.

Ufa uja sanasiye kupera. Gologolo atakwanitsa zaka zisanu, mayi ake anamuphikira kakeke kakang'ono ngati chikhatho, n'kuyamba kukonza ayisingi wa m'chitini chabuluu, ulendo uno poyera. Apongozi anayang'ana ali pa mpando wawo mpaka analephera kupirira. Anaitanitsa supuni, kulawa, n'kunena kuti kuzizira kumeneku kukufunika mandimu, madontho asanu, ndipo batala achuluke pang'ono kuti ufawo usamveke. Zinathekadi. Anali mawu aatali oyamba amene anamulankhula m'masabata atatu, ndipo atatha anabwerera kukhala chete.

Tsiku lokatenga insulini litafikanso, panalibe zokambirana. Make Gologolo anaveka mwana juzi, kulongedza kamakina, thonje ndi buledi m'chikwama. Akutsegula geti, apongozi anatuluka akutsimphina, n'kuwerama pa mdzukulu wawo. Anatulutsa maswiti atatu okulunga m'mapepala onyezimira, n'kuwalowetsa m'thumba la diresi la mwanayo, maso ali pa mayi.

"Awa ndi enieni. Ndakagula ndekha. Akayamba thukuta m'njira, musayambe kufunafuna kiyi."

Maso a Gologolo anawala. Mayi ake anayang'ana thumbalo. Kuwachotsa pamaso pa apongozi sakanatha, ndipo ankadziwa kuti mwina angafunike asanafike n'komwe pa mphambano. Kuwasiya m'menemo kunali kusiya maswiti atatu m'thumba la mwana wa zaka zisanu. Anathokoza, n'kutseka geti.

Mu minibasi anamukhazika pamiyendo, n'kuika chikhatho chake pamwamba pa thumba lija. Kachala ka mwana kankafufuza pansi pa chikhathocho, kakupeza mpata, mayi n'kutseka, kakuyesa mbali ina. Mapepala a maswiti ankalira tsekeretsekere. Bambo wina amene anakhala pafupi anaseka n'kumuuza kuti amupatse kamodzi mwanayo, wakhala mwaulemu. Make Gologolo anangomwetulira. Dzanja linayamba dzanzi asanafike pa msika, koma sanalichotse, ndipo ndi diso limodzi ankayang'ana pamphumi pa mwanayo ngati payamba kunyowa.